Paul Ehrlich ndi mankhwala olasa pomwe pali matenda

Madokotala amene masiku ano amaphatikiza mankhwala awiri pothandiza odwala khansa ya m'mapapo yomwe yafalikira kale akuyenda m'njira imene analambula Paul Ehrlich, Mjeremani wobadwa m'chaka cha 1854.

Mkuluyu anayambira pa utoto, womwe uja wonyikira nsalu. Ali pasukulu ya udokotala anaona kuti utoto wina umakakamira maselo ena n'kusiya ena. Apa m'pomwe panachokera maganizo ake onse: ngati utoto umasankha pokakamira, mankhwala nawonso angathe kusankha, kupha kachilombo osavulaza mwini thupi. Mankhwala otere ankawayerekeza ndi chipolopolo chamatsenga.

Mu 1908 analandira mphoto ya Nobel. Chaka chotsatira iye ndi Sahachiro Hata wa ku Japan anapeza kuti mankhwala nambala 606 amapha tizilombo ta chindoko, ndipo mu 1910 anayamba kugulitsidwa ndi dzina loti Salvarsan.

Komatu chimene ambiri amaiwala ndi cha mbewa zake za ku Frankfurt. Poyesa mankhwala pa tizilombo ta mtundu wa kaodzera, gulu lake linaona kuti tina timapulumuka, kenako n'kuswana tosamvanso mankhwalawo. Mu 1913, pamsonkhano wa madokotala ku London, Ehrlich analimbikitsa zomenya matenda ndi mankhwala angapo nthawi imodzi, aliwonse kulasa pakepake. Amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a TB akudziwa kuti nzeruyi si nthano.

Khansa nayo ili ndi khalidwe lomweli. Mankhwala olasa malo amodzi m'selo amafwetsa chotupa, koma pakapita miyezi chimapeza njira yozembera. N'chifukwa chake mu 2017 dziko la America linavomereza dabrafenib pamodzi ndi trametinib kwa odwala omwe chotupa chawo chili ndi kusintha kotchedwa BRAF V600E, ndipo mu 2024 amivantamab ndi lazertinib kwa a kusintha kwa EGFR. Amatalikitsa moyo ndithu, ngakhale kuchiziratu n'kovuta, ndipo mtengo wake ngwoboola m'thumba.

Ehrlich mwini anathera zaka zambiri pa kafukufuku wa khansa koma mankhwala ake sanawapeze. Chodabwitsa n'choti bamboyu ndudu zikuluzikulu zija sizinkachoka pakamwa, pafupifupi 25 patsiku. Anamwalira ndi sitiroko pa 20 August 1915 ku Bad Homburg, ali ndi zaka 61.