Chilembwe ndi nkhondo ya kwathu kuno

Pa 15 Januwale sitibwera kusukulu. Ambirife tsikuli limatithera kumunda wa mpunga, miyendo ili m'matope, ndipo ukafunsa chifukwa cha holideyi amangoti ndi tsiku la bambo wa pa K500 uja. Inenso ndinkaganiza kuti John Chilembwe ndi nkhani ya anthu a ku Chiradzulu, ife a ku Iponga siyikutikhudza. Ndinalakwitsa.

Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 ku Chiradzulu. Mu 1892 anayamba ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, yemwe anapita naye ku America mu 1897. Kumeneko anaphunzira zaubusa ku Lynchburg. Atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, n'kutsegula masukulu, kenako n'kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa.

Pafupi naye, ku Magomero, kunali esiteti ya A. L. Bruce. Anthu ankagwirako thangata, ntchito yolipirira malo amene ankakhalapo. Tangoganizani, kulipira lendi m'dziko lako lomwe! Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, anali wankhanza, mpaka ankawotcha matchalitchi a anthu a Chilembwe.

Tsono apa m'pamene ife tikulowera. Mu 1914 Angerezi ndi Ajeremani anayamba nkhondo, ndipo nthawi imeneyo kutsidya kwa Songwe, kumene lero timati Tanzania, kunali m'manja mwa Ajeremani. Asilikali awo anawoloka Songwe yemweyu, ndipo pa 9 Seputembala anamenyana ndi Angerezi ku Karonga. Ambiri amene anafa, mbali zonse ziwiri, anali anthu akuda.

Chilembwe atamva, zinamupweteka zedi. Mu Novembala analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anadandaula kuti anthu osauka akufera mkangano wa azungu umene sakuudziwa n'komwe, kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pomwe pa nthawi ya mtendere boma siliwawerengera. Munthu wa kutali ku Chiradzulu kulirira magazi okhetsedwa kwathu kuno! Boma silinamve. M'malo mwake linayamba kumuona ngati munthu woopsa.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Ku Magomero anapha Livingstone n'kumudula mutu. Kunena zoona, gawo limeneli limandivuta, chifukwa zinachitika mkazi wake ali pomwepo. Komabe akazi ndi ana a azungu sanawaphe.

Kuukirako sikunapite patali, mfuti zinali zochepa. Pa 3 Febuluwale apolisi anamuwombera Chilembwe cha ku Mulanje, akuthawira ku Mozambique. Otsatira ake ambiri anaphedwa, ena anamangidwa, tchalitchi chija boma linachiphulitsa, ndipo iyeyo anamuika m'manda mwachinsinsi.

Chaka chino pa 15 ndikakhala kumunda ngati kale, poti mpunga sudziwa holide. Koma ndikawauza amayi kuti kalata ya bambo wa pa K500 uja inkanena za ku Karonga.