Ray Amm: katswiri wa njinga zamoto wa ku Mashonaland

Pamsewu wochoka ku Harare kupita ku mafamu a ku Selous pali tauni ya Norton. Dzinali linachokera ku banja lina la azungu, osati ku njinga zamoto za Norton za ku England. Komabe dera la Mashonaland lili ndi mbiri yaikulu ndi njingazi chifukwa cha mwana wake, William Raymond Amm, yemwe anabadwira ku Salisbury, komwe tsopano ndi Harare, pa 10 December 1927.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Amm anagula njinga ya AJS n'kuyamba kupikisana m'mabwalo a udzu kufupi ndi mzindawo. Pampikisano wake woyamba anakhala wotsiriza. Masiku amenewo masewerawa anali a azungu, ndipo mafakitale a njingazi anali kutsidya kwa nyanja, choncho kanthu kakang'ono kakavuta kankalanda munthu chikho. Mu 1949 ku Port Elizabeth, ku South Africa, Amm anathamanga kuposa onse, koma kilachi ya Norton yake inayamba kuterereka ndipo anathera kumbuyo. Anabwerera komweko n'kupambana mu 1950 ndi 1951, ndipo anzake a kalabu ya njinga zamoto ya ku Salisbury anamuthandiza ulendo wa ku Ulaya.

Kampani ya Norton inamulemba ntchito mu 1952. Njinga zake zinali za silinda imodzi, pamene Gilera ndi MV Agusta za ku Italy zinali ndi masilinda anayi ndi mphamvu zochuluka. Mwayi wa Norton unali felemu yake, yotchedwa Featherbed, imene Rex McCandless anapanga, yomwe inkagwira bwino msewu m'makona. Zotsalazo Amm ankakwaniritsa ndi kulimba mtima, kumene nthawi zina kunkafika pa kusasamala moyo.

Chaka chake chachikulu chinali 1953, chaka chomwe Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa. Pachilumba cha Isle of Man anapambana mipikisano iwiri ya TT, wa njinga za 350cc ndi wa 500cc. Pa wachiwiriwo anagwa akuzungulira komaliza, popondera phazi n'kuthyoka, koma anadzutsa njinga n'kukafikabe woyamba. Mu November chaka chomwecho, pabwalo la Montlhéry ku France, anayenda mamailosi opitirira 133 mu ola limodzi, mtunda umene panalibe wa njinga yamoto anali atayendapo mu ola limodzi. Anakwera njinga yachilendo imene wokwera ankachita kugwada m'kati mwa chikuto chonga nsomba. Mu 1954 anapambananso TT ya 500cc, ngakhale panali mkangano chifukwa akuluakulu anaimitsa mpikisanowo usanathe kaamba ka mvula ndi chifunga, ndipo anatha chakacho ali wachiwiri padziko lonse m'magulu onse awiri.

Norton itachepetsa ndalama za mipikisano, Amm anapita ku MV Agusta. Pa 11 April 1955, pampikisano wake woyamba ndi kampaniyo ku Imola, ku Italy, anagwa pakona msewu uli woterera akuthamangitsa Ken Kavanagh, ndipo anamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 27.

Njinga yogwadira ija ikusungidwa ku Sammy Miller Museum ku New Milton, ku England, pakati pa njinga zakale mazanamazana zimene zinakonzedwanso. Njinga za Manx Norton, za mtundu umene Amm anayambira nawo ku Ulaya, zinasiya kupangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma zikuthamangabe m'mipikisano ya njinga zakale, chifukwa pali amisiri amene amasula zitsulo zake zatsopano motsatira miyezo yakale.