Grace Hopper: mayi amene anapezera kompyuta womasulira

Anzathu a m'kalabu, ena mwa inu mukulimbana ndi masamu pa Maxima kapena Mathematica. Mwina munaonapo kuti mukailamula pulogalamuyo kuti ichite compile zomwe mwalemba, sumu yochedwa ija imatha msanga. Chimachitika n'chakuti zolemba zanu zimamasuliridwa kamodzi n'kukhala malamulo amene makina amamva mosavuta. Mukaiuziratu kuti x ndi nambala yathunthu kapena yamadesimali, liwiro limawonjezeka chifukwa sitayanso nthawi n'kufufuza. Mmodzi mwa anthu amene analambula njira imeneyi ndi mayi Grace Hopper.

Anabadwira ku New York pa 9 Disembala 1906. Ali ndi zaka 7 anaphwasula mawotchi 7 a m'nyumba mwawo pofuna kuona chomwe chimawaliza (kwathu kuno akanalawa chikoti!). Digiri ya PhD ya masamu anaipeza ku Yale mu 1934, ndipo mu 1943 analowa usilikali wapamadzi. Chaka chotsatira anamutumiza ku Harvard kukagwira ntchito pa Mark I, chimakina chotalika mamita oposa 15.

Masiku amenewo, kulemba pulogalamu kunali kukopera manambala pamanja, ndipo mukaphonya imodzi yokha, zonse zapita madzi. Mu 1952, akugwira ntchito pa kompyuta ya UNIVAC, mayiyu anatulutsa A-0. Tizidutswa ta pulogalamu togwiritsidwa ntchito kawirikawiri anatisunga pa tepi, kalikonse ndi nambala yake. Taganizani za shopu ya hadiweya ku Malangalanga: inu mungopereka kapepala, mnyamata wa m'shopu n'kukutolerani misomali, mahinjesi ndi penti. A-0 inali mnyamata ameneyo.

Akatswiri ambiri sanaikhulupirire. Kwa iwo kompyuta inali yowerengera manambala basi. Iye sanagwe mphwayi: gulu lake linapanga FLOW-MATIC, yolembedwa ndi mawu wamba a Chingelezi, yomwe inakhala maziko a COBOL mu 1959. Mabanki akuluakulu ambiri padziko akudalirabe COBOL mpaka lero.

Pophunzitsa ankagawa tiwaya totalika pafupifupi masentimita 30, mtunda umene kuwala kumayenda m'gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi, kuti olemba mapulogalamu aleke kuseweretsa nthawi ya makina. Anapuma usilikali mu 1986 ali ndi zaka 79, pa udindo wa rear admiral. Anamwalira pa 1 Januwale 1992 ndipo anaikidwa m'manda a asilikali ku Arlington.