Fatima al-Fihri, mayi wa ku Fez

Gaborone, kumene ambiri a ife timachitira geni, ndi mzinda wadzulodzulo: unamangidwa m'zaka za m'ma 1960. Choncho pofuna mayi woti timukumbukire m'kabuku ka chikondwerero chathu, tapita kutali, ku Fez m'dziko la Morocco, kumene anthu akhala akusoka nsapato zachikopa kwa zaka mazanamazana.

Fatima al-Fihri anabadwira ku Kairouan, m'dziko lomwe lero ndi Tunisia. Banja lawo linasamukira ku Fez, monga mmene ife tinasiyira Mchinji, Chipata kapena Tete. Bambo ake, a Muhammad al-Fihri, anali wamalonda ndipo analemera. Atamwalira, chuma chinatsalira Fatima ndi m'bale wake Mariam. Tonse tikudziwa mmene chuma chamasiye chimathera msanga. Koma Fatima anagula malo, ndipo mu 859 anayamba kumanga mzikiti wa al-Qarawiyyin, woti anthu ochokera kwawo azipempheramo. Mariam naye anamanga wina tsidya la mtsinje.

Nkhaniyi inalembedwa ndi Ibn Abi Zar m'zaka za m'ma 1300, patapita zaka zoposa 400, n'chifukwa chake akatswiri ena amaikayikira. Iye amati Fatima anakumbitsa chitsime pamalopo, mchenga ndi miyala n'kuzikumbanso m'nthaka yake yomweyo, kuti pasalowe kanthu ka mwini. Amatinso anasala kudya mpaka ntchito inatha. Zoti pasalowe kanthu ka mwinizi ifeyo zatigwira mtima, poti msungichuma aliyense wa gulu amadziwa kulemera kwake.

Mzikitiwo unakula n'kukhala malo a maphunziro, ndipo pomwe pasonkhana anthu, msika suchedwa. M'tinjira topanikiza tozungulira mzikitiwo munadzaza timashopu ta nsalu, zonunkhiritsa ndi nsapato zotchedwa balgha. Nsapatozi n'zofewa, zopanda chidendene, zosavuta kuvula pakhomo la mzikiti. Abambo amakonda zachikasu zosongoka kutsogolo, pomwe za amayi zimapetedwa ndi ulusi wamitundumitundu. Chikopa chake, cha mbuzi kapena nkhosa, chimachokera kwa ofufuta zikopa a ku Chouara, chapafupi pomwepo, amene amachiviika m'maenje a laimu ndi zitosi za nkhunda asanachinyike mu utoto. Fungo lake ndiye musanene.

Chomwe chinasunga mzikitiwo si cholowa cha Fatima chokha. Anthu ankapereka nyumba ndi mashopu ngati chuma cha mzikiti, chomwe kumeneko amati habous: sichigulitsidwa, sichigawidwa kwa ana, koma lendi yake inkalipira aphunzitsi, mafuta a nyale ndi kukonza denga. Tindalama ta lendi ta amisiri ndi ogulitsa tinkalowa mwezi ndi mwezi, monga masheya athu a banki m'khonde.

Akuti Fatima anamwalira cha m'ma 880. Mu 1981 bungwe la UNESCO linaika mzinda wakale wa Fez pa mndandanda wa malo otetezedwa, ndipo osoka balgha akadali m'tinjira tomwe tija.