MICHAEL FARADAY NDI GOLIDI WA M'MADZI

Michael Faraday anabadwa pafupi ndi mzinda wa London m'caka ca 1791. Atate wace anali wosula zitsulo, munthu wosauka, ndipo mwanayo sanakhalitse pa sukulu. Ali ndi zaka 14 analowa nchito kwa munthu wosoka mabuku. Mabuku amene anali kusokawo anali kuwawerenganso, ndipo potero anayamba kukonda sayansi. M'caka ca 1813 katswiri wina, dzina lace Humphry Davy, anamtenga kuti azimthandiza pa nyumba ya maphunziro yochedwa Royal Institution.

Pamenepo Faraday anagwira nchito zaka zambiri. M'caka ca 1831 anapeza njira yopangira magetsi ndi maginito, ndipo makina a magetsi a ku Kariba amatsata nzeru yomweyo. Koma lero tiphunzira za cinthu cina cimene anacita atakula.

Inu a ku Petauke ndi ku Nyimba mwamva za golidi amene anthu anakumba ku Sasare. Golidi ndi wacikasu, ndipo ali wolemera kopambana citsulo. Mukamponya m'madzi amira msanga. Tsono m'caka ca 1856 Faraday anatenga madzi m'mene golidi anasungunulidwa ndi mankhwala aukali, nathiramo mankhwala ena ochedwa fosiforasi. Madziwo anasanduka ofiira ngati magazi, koma golidi sanaoneke pansi pa botolo. Kodi anapita kuti?

Faraday anasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa ndi galasi, nakupititsa pakati pa madziwo. Njira ya kuwalako inaoneka bwino, monga muona pfumbi m'nyumba pamene dzuwa lilowa pa kabowo ka denga. Apo anazindikira kuti golidi ali momwemo, koma m'tizidutswa tating'ono kwambiri toyandama. M'caka ca 1857 anafotokoza zimenezi kwa akatswiri anzace, ngakhale kuti kadutswa ndi kamodzi komwe sanakaone ndi maso.

Masiku ano tidziwa m'mene tizidutswato timapangikira. Cinthu ciri conse cinamangidwa ndi tinthu tosaoneka tochedwa maatomu. Fosiforasi amamasula maatomu a golidi m'madzimo. Maatomu owerengeka amakomana nagwirana, nakhala ngati mbeu. Ena amadza kudzakhala pa mbeuyo m'mizere yolongosoka, monga mmisiri ayala njerwa, ndipo kadutswa kamakula. Nthawi zina tizidutswa tiwiri timaphatikana ndi kukhala kamodzi. Tingakhale takula motero, tizidutswa 1,000 titandandalikidwa sitingafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. M'caka ca 2009 akatswiri a ku Berkeley, ku Amereka, anaona ndi makina amphamvu tizidutswa ta citsulo cina, platinamu, tirikukula m'njira ziwiri zomwezi. Lero tizidutswa ta golidi tithandiza m'zipatala: mzere wofiira umene uoneka pa kacipangizo koyezera malungo kawirikawiri ndi golidi wotere.

Faraday anamwalira m'caka ca 1867. Mabotolo ace a madzi ofiira asungidwabe ku Royal Institution. Mwana wa wosula zitsulo uja anayesa mosamala, naganiza mofatsa, ndipo zimene ananena zinapezeka zoona patapita zaka zambiri.

Mafunso
1. Kodi Faraday anapeza bwanji maphunziro ace?
2. Anadziwa bwanji kuti m'madzi ofiira muli golidi?
3. Fotokozani njira ziwiri zimene kadutswa kamakulira.