TIWAKUMBUKIRE: MALEMU PULOFESA JAAP VAN VELSEN (1921-1990)

Anzathu a kwa Mlolo, ambirife tidakula tikumva za atate ndi atsibweni amene adakwera sitima kupita ku Halale kapena ku Joni. Ena adabwerako ndi njinga ndi masutikesi, ena adasanduka machona. Lero tikumbukire mphunzitsi amene adafufuza maulendo oterewa mozama.

A van Velsen adabadwira ku Surabaya, m'dziko limene lero ndi Indonesia, m'chaka cha 1921. Adayamba ndi maphunziro a zamalamulo ku Utrecht, kenaka nkukaphunzira za chikhalidwe cha anthu ku Oxford ndi ku Manchester.

Kuyambira mu 1952, bungwe la Rhodes-Livingstone Institute lidawatuma kukakhala pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay. Kumeneko adapeza kuti amuna oposa theka adali kunja pa ntchito. Azungu ambiri pa nthawiyo ankati maulendowa akupasula midzi. Koma m'nkhani yawo ya mu 1960, iwo adaonetsa kuti si choncho. Munthu wakuda ku tauni adalibe munda kapena podalira akakalamba, tsono ankasamala dzina lake kumudzi potumiza ndalama ndi kuthandiza abale, podziwa kuti tsiku lina adzabwerera.

Popeza adali odziwa malamulo, ankakonda kukhala pa bwalo la milandu. Ankatsatira anthu omwewo pa milandu ingapo, nkuona mmene amagwiritsira ntchito ubale polimbirana ufumu, malo ndi ulemu. Zimenezi adazilemba m'buku lotchedwa The Politics of Kinship la mu 1964.

Chilungamo sichidathere m'mabuku mokha. Ali mphunzitsi pa koleji ya ku Salisbury, adatsutsana ndi boma la tsankho la Ian Smith, limene lidadzipatsa ufulu mu 1965. Mu 1966 adamangidwa pamodzi ndi aphunzitsi anzawo, nkupirikitsidwa m'dzikomo. Adapita ku Yunivesite ya Zambia kumene adakhala pulofesa, ndipo pambuyo pake adakaphunzitsa ku Aberystwyth, ku Wales. Adamwalira mu 1990.

Ambiri a ife amene tidaphunzira limodzi tili ku Blantyre, ku Lilongwe, ena ku Johannesburg. Kafukufuku wa mkuluyu akutifunsa ifenso: kodi kwathu akutidziwabe? Madzi akasefukira ku Makhanga, sukulu imene idatilera imatiyang'ana ife. Tisakhale machona.