HENRY FORD, AMENE ANATSITSA MTENGO WA GALIMOTO

Henry Ford sanali woyamba kupanga galimoto. Karl Benz wa ku Germany anamtsogolera m'caka ca 1886, ndipo ena ambiri anatsatira. Koma magalimoto oyambawo anali a anthu olemera okha. Mlimi wamba anali kungowaona alikupita, nabwerera ku ngolo yace ndi akavalo ace. Ford ndiye anatsitsa mtengo kufikira mlimi uja anakhoza kugula.

Anabadwa pa 30 July 1863 pa munda wa atate wace, pafupi ndi Dearborn m'cigawo ca Michigan ku America. Nchito ya kumunda sanaikonde konse. Mtima wace unali pa mawochi, amene anali kuwamasula ndi kuwalumikizanso, kotero kuti anansi anayamba kumtengera ao oonongeka. Ali ndi zaka 16 anapita ku mzinda wa Detroit kukaphunzira za makina, ndipo mu 1891 analowa nchito pa kampani ya magetsi ya Edison. Ataweruka madzulo anali kupanga kagalimoto m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yao. Pamene anakatsiriza mu June 1896 anaona kuti sikangathe kutuluka pakhomo, natenga nkhwangwa, nagumula khoma.

Kampani yace yoyamba inagwa, yaciwiri anaisiya atakangana ndi eni ndalama. Yacitatu, Ford Motor Company, inayamba mu 1903, ndipo mu 1908 inatulutsa galimoto yochedwa Model T. Inali yopepuka, yotalika pansi kuti ipite m'matope ndi m'makwawa, ndiponso yosabvuta kukonza, pakuti Ford anadziwa kuti mlimi akhala kutali ndi amisiri. Mtengo wace unali madola 850.

Koma Ford anati mtengowu ukali waukulu, ndipo apa ndi pamene pagona mbiri yace. Masiku amenewo galimoto inali kumangidwa itaima pamalo amodzi, anchito nazungulira ndi zitsulo m'manja. Mu 1913, pa fakitale ya Highland Park, iye ndi amisiri ace anatembenuza macitidwewa, atatengera nzeru pa nyumba zophera ng'ombe za ku Chicago, kumene nyama inali kuyenda yopacikidwa pa zokowera. Tsopano munthu anaima, galimoto ndiyo inayenda, yokokedwa ndi unyolo. Wina anaika gudumu, wina anamanga nati, yense nchito yace imodzi yomweyo tsiku lonse. Nchito imene inali kutenga maora oposa 12 inayamba kutha pa ora limodzi ndi theka. Mtengo unatsika kawirikawiri, kufikira mu 1925 Model T yochipa koposa inagulidwa madola 260.

Anthu amene anaima pa unyolowo ndiwo anamva kuwawa kwace. Kumanga nati yofanana kuyambira m'mawa kufikira madzulo kunatopetsa mtima koposa thupi, ndipo ambiri anali kucoka asanathe miyezi. Cifukwa cace mu January 1914 Ford analengeza malipiro a madola 5 pa tsiku, oposa kawiri a kale, nacepetsa maora kucoka pa 9 kufika pa 8. Anthu zikwi anasonkhana pacipata m'cisanu kufuna nchito. Komabe ndalamazo zinali ndi cingwe: kampani inatumiza anthu ace m'nyumba za anchito kukaona ngati akumwa mowa, ngati akusunga ndalama, ndi ngati pakhomo mpaukhondo, ndipo wolephera sanalandire zonse.

Kuuma mtima kumene kunamthandiza poyamba kunamsokeretsa pambuyo pace. Mwana wace yekhayo, Edsel, anamdandaulira kuti Model T yakalamba ndipo ogula alikupita ku Chevrolet, koma tateyo anakana kwa zaka zambiri. Anaileka mu 1927, atapanga zoposa 15 miliyoni. Coipa cacikulu ndi ici: kuyambira 1920 nyuzipepala yace, Dearborn Independent, inafalitsa mabodza onyoza Ayuda, amene anawerengedwa kufikira ku Germany. Anapepesa poyera mu 1927, komatu mu 1938 analandira mendulo yocokera ku boma la Hitler. Anadananso ndi cigwirizano ca anchito; mu 1937 alonda ace anamenya atsogoleri ace pacipata ca fakitale ya River Rouge, ndipo anabvomera kupangana naco mu 1941 mokha.

Edsel anamwalira mu 1943, ndipo mu 1945 mdzukulu, Henry Ford II, anatenga kampani m'manja mwa nkhalambayo. Pa 7 April 1947 mtsinje wa Rouge unali utasefukira, nuzimitsa magetsi a nyumba yace ya Fair Lane ku Dearborn. Usiku umenewo Ford anamwalira, ali ndi zaka 83, m'cipinda counikiridwa ndi makandulo ndi nyali za parafini.